Shuga wa Dailesi

Lolemba

Dailesi wabwera kuchokera kusukulu akuvina. Akuti Lachisanu sukulu yonse ikupita kumsewu waukulu wa ku eyapoti kukaimba ndi kugwedeza mbendera, chifukwa kukubwera mlendo wamkulu wochokera kunja. Iye wasankhidwa kuima mzere wakutsogolo. Akusangalala.

Kumsewu! Mwezi uno wa Okutobala! Dzuwa loti ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa!

Ndikulemba kuti mutu ukhale m'malo mwake.

Mwanayu ali giredi 4 ndipo ali ndi matenda a shuga, aja a jekeseni. M'mawa uliwonse ndimawiritsa sirinji, ndimamubaya pantchafu, amadya phala, amapita. Mankhwalawo akalowa m'thupi amagwira ntchito, mwana adye kapena asadye. Akachedwa kudya, kapena akatopa kwambiri, shuga wa m'thupi amatsika. Manja amanjenjemera, thukuta lozizira, maso ngati munthu woledzera. Pamenepo chomuthandiza ndi shuga weniweni, yemweyu wa mu tiyi, msangamsanga. Ukachedwa, amagwa. Ndinaziona kamodzi pakhomo pompano, sindifuna kuzionanso.

Ndipo alendo akuluakulu sadziwa kufika nthawi yake. Ulendo wapitawo ana anaima pamsewu kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatembenuka. Nthawi imeneyo Dailesi anali asanadwale.

A sisita a ku kiliniki anandiuza kalekale kuti wamkulu aliyense wokhala pafupi ndi mwana azikhala ndi kashuga m'thumba. Ndinavomera ndi mutu. Koma kodi a sisitawo shuga amamugula kuti? Mu Chelstone muno sitolo zonse zili ndi mashelefu okhaokha ndi polishi wa nsapato. M'chitini mwanga mwatsala wongokwanira kapaketi kamene Dailesi amayenda nako.

Chochita sabata ino:

- kupeza shuga, kulikonse kumene ali
- kumumanga m'timapaketi
- kupatsa aphunzitsi ake, ba Chanda, kapaketi kawo
- ahedi kawo
- a mlonda a pageti kawo
- kuwafotokozera onse bwinobwino, mpaka amve
- Lachisanu mwana abwere kunyumba akuyenda ndi miyendo yake

Si zambiri. Munthu wanzeru zake angathe.

Atate ake Dailesi akuti: "Amake Dailesi, inu mumada nkhawa ngakhale ndi mvula ya chaka chamawa." Iwo ndi mesenjala ku maofesi a boma ku Longacres, amaganiza kuti zonse zimatheka munthu akangogogoda pachitseko choyenera. Agogode pa sitolo ndiye, tione ngati mutuluke shuga!

Amayi a nyumba yoyandikana akuti mawa shuga afika m'tauni.

Lachiwiri

M'tauni. Mzere wayambira pakhomo pa sitolo ya boma, wakhota pangodya, wapita mpaka kumene amaimika mabasi. Ndaima. Ndikufunsa amayi a patsogolo panga kuti mzerewu ndi wa chiyani. Akuti: "Kaya, tizaona kusogolo."

Dzuwa lili pamutu. Ana akulira kumsana. Anyamata a Chipani akuyendayenda ndi timitengo kuwongola mzere, ndipo akawongola, azilongo awo amapezeka ali kutsogolo.

Cholakwa changa ndi pakamwa. Ndawauza amayi aja kuti ndikufuna shuga chifukwa cha mwana wa matenda a shuga. Mzere wonse watembenuka! Wina akuti: "Imwe, muzamupaya mwana!" Wina wagwira pachifuwa. Ndayesa kufotokoza za jekeseni, palibe womva. Malangizo amene ndalandira osapempha:

- madzi a masamba owawa, m'mawa ndi madzulo
- kusiya jekeseni, chifukwa ndi amene akumuwondetsa
- mneneri wina wa ku Matero
- kufufuza bwino kwa achibale a mwamuna
- kubereka wina

Kubereka wina! Ngati ndi mbale yosweka!

Ndafika kutsogolo miyendo itatupa. Sopo. Mzere wonsewo unali wa sopo wochapira. Ndagula, nanga ndikanatani.

Masana. Ndakwera basi kupita ku Kabwata kwa alamu anga, alongo awo a atate ake Dailesi. Iwo sasowa kanthu, ali ndi mnzawo wogwira ntchito kuseri kwa sitolo. Shuga ali naye, koma ulendo uno sopo alibe. Mulungu alipo! Tasinthana. Koma asanandipatse andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti: "Mulamu, shuga kwa mwana wa shuga? Muli bwino-bwino m'mutu?" Ndafotokoza. Akuti mwana wa mlongo wawo akafa iwo asatchulidwe.

M'basi ndakhalira paketiyo ngati nkhuku pa mazira. Munthu aliyense wondiyang'ana ndimaona ngati wanunkhiza.

Madzulo. Atate ake aona paketi, maso awala ngati mwana. Akuti: "Tiikeko madzi pamoto?" Ayi! Uyu si wa tiyi, ndi mankhwala. Apita kukakhala panja, akumwa tiyi wopanda kanthu mokweza kuti ndimve.

Ndadula pulasitiki ya mkaka, ndatsuka, ndaumitsa. Ndamanga timapaketi ndi ulusi, tooneka bwino. Wotsala ndabisa m'poto, potoyo m'poto ina, zonse pamwamba pa kabati.

Zinthu ziwiri zoyamba zatheka. Mwina sabata ino iyenda.

Lachitatu

Ndavala chitenje chatsopano, ndapita kusukulu. Pabwalo pali phokoso ngati pamsika. Ng'oma, wezulo, ana akuyeseza nyimbo za Lachisanu, aphunzitsi akuthamangathamanga ndi mbendera zamapepala.

Ba Chanda ndawapeza pakhonde. Ndi mayi wamtali wa ku Copperbelt, wezulo ali m'khosi. Ndachita monga ndinaleredwera. Ndapereka moni, ndafunsa za kunyumba, ndagwada pang'ono, ndapereka kapaketi ndi manja awiri. Ndati: "Aka ndi kashuga, chifukwa cha Dailesi." Ndisanapitirize, iwo agwira pakamwa. Athokoza m'Chibemba, akuti: "Awe, ba mayo, natotela sana! Shuga! Masiku ano!" Ndati Dailesi akayamba kunjenjemera... Akuti: "Tizamusamala, osadandaula." Aliza wezulo, athamangira ana amene amamenyana ndi mbendera.

Ahedi ndawapeza mu ofesi. Ndagwadanso. Alandira, anunkhiza, atsekera m'dirowa. Akuti: "Makolo onse akanakhala ngati inu, sukulu ino ikanapita patali." Ndayamba za thukuta lozizira. Akuti inde, inde, kukutentha kwambiri chaka chino.

A mlonda avula chipewa, awomba m'manja, andidalitsa ine ndi ana anga ndi ana a ana anga.

Ndabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Anthu abwino. Ndinkawaopa chabe. Ndaimba ndi nyimbo pochapa, ndi sopo wotsala uja.

Masana. Dailesi wabwera. Ndamufunsa za kusukulu.

Akuti pa buleki anamuitana ku chipinda cha aphunzitsi. Anapeza onse akumwa tiyi. Anamuuza kuti akandithokoze, akuti tiyi wotere anamumwa komaliza pa Khirisimasi.

Tiyi!

Amwa mankhwala a mwana wanga! Ndi masupuni! Akuseka!

Sizinathere pomwepo. Ba Chanda anamufunsa ngati ali ndi wina m'thumba. Mwana wosadziwa kunama anatulutsa kapaketi kake. Anamulanda! Akuti mwana wa shuga sayenera kuyandikira shuga, akumuteteza. Kenaka anathira m'kapu ya aphunzitsi ena amene anali asanalandire.

Ndiye kuti lero mwana wanga wayeseza nyimbo padzuwa tsiku lonse, m'thumba mulibe kanthu, ndipo akuluakulu atatu amene ndinawadalira anali atakhuta tiyi.

Ndakhala pansi pakhitchini. Ndaimirira. Ndakhalanso.

Atate ake akuti: "Nanga munawauza kuti asamwe?" Kodi munthu ukamupatsa mankhwala a mwana umachita kumuuza kuti asamwe? Akuti: "Bola akanamwa ine, mwini mwana." Ndiwo zawo lero zachepa mchere, ndipo ndachita dala.

Lachinayi

Ndabwerera kusukulu. Lero sindinagwade.

Aphunzitsi awiri amene sanalandire dzulo andidutsa osandipatsa moni. A mlonda andilonjera kawiri, akuyang'ana m'manja mwanga.

Ahedi amva zonse, akupukuta magalasi. Akuti: "Amayi, munabwera mutavala bwino, munagwada, munapereka ndi manja awiri. Tikanadziwa bwanji kuti ndi mankhwala?" Nanga ndikanawaponyera ngati ndikudyetsa nkhuku?

Aitana ba Chanda. Ndafotokoza kuyambira pachiyambi: jekeseni, kudya nthawi yake, kunjenjemera, shuga. Mwina ndinafulumira, mwina ndinasakaniza, chifukwa ndikakwiya mawu amatuluka onse pamodzi. Ba Chanda apinda manja. Akuti amalume awo ku Mufulira ali ndi matenda omwewa, ndipo dokotala mzungu anawaletsa shuga mpaka imfa. Ndati amalume awo ndi okalamba, samabayidwa, matenda ake ndi osiyana. Akuti: "Shuga ni shuga, ba mayo." Akuti iwo sangaike poizoni m'kamwa mwa mwana wa munthu, ali ndi satifiketi yoti aiteteze.

Ndathamangira ku kiliniki kuti a sisita abwere adzanene okha. Apita kumaliro ku Petauke. Abwera sabata yamawa.

Ndabwereranso kwa ahedi. Ndapempha kuti basi, Dailesi asapite kumsewu mawa. Atseka chitseko, atsitsa mawu. Akuti sukulu iliyonse yapatsidwa chigawo chake cha msewu, ndipo a Chipani adzayenda kuona mipata. Mpata ukaoneka adzafunsa iwo, ndipo iwo adzatchula dzina. Akuti: "Amuna anu amagwira m'boma, si choncho?"

Ndamva.

Dailesi nayenso wamva kuti ndimafuna kumuchotsa. Walira mpaka kusisima. Akuti nthawi zonse iye ndi wokhala pansi pa mtengo anzake akamathamanga, ndipo kamodzi kokha kamene wasankhidwa kutsogolo ine ndikufuna kuwononga. Mawu amenewo andilasa. Ndamuuza kuti apita.

Madzulo. Odi pakhomo. Ndi amayi apampando a Chipani m'dera lathu, amene tonse timangowatchula kuti ba Tcheya. Akhala pampando wa atate ake osauzidwa. Akuti amva kuti m'nyumba muno mukutuluka shuga wa m'timapaketi. Akuti ogulitsa timapaketi mobisa ndi adani a dziko. Ndati sindigulitsa, ndimapereka. Akuti: "Manje ise simutiona?"

Ndafotokozanso za jekeseni. Kachitatu lero! Akuti nkhaniyi ndi yovuta, komiti iyenera kuona shugayo ndi maso. Ndatsitsa poto, ndatulutsa poto, ndatsegula. Adzazitsa kapu yanga yaikulu, kapu ndi shuga zonse zapita ku komiti. Pachitseko atembenuka, akuti kuti anthu aleke kundikayikira, mawa ndikavine ndi amayi a Chipani kumsewu. Chitenje andibwereka.

Zotsala m'nyumba:

- shuga wongophimba pansi pa poto
- chikondamoyo chimene ndaphika
- nthochi
- mutu wopweteka

Nzeru yatsopano. Popeza akuluakulu onse ndi akumwa tiyi, ndasokera theka la shugayo mkati mwa thumba la yunifomu, m'kansalu, momwe ba Chanda sangaone. Dailesi akamva kunjenjemera angodula ulusi ndi mano. Theka linalo ndisungunula m'botolo la madzi, ndinyamula ndekha.

Yunifomu ndaipachika pamsomali. Nzeru imeneyi ndaikonda. Bwenzi nditayamba nayo Lolemba.

Lachisanu

M'mawa. Nyerere!

Mzere wakuda kuchokera pawindo, kutsika khoma, kudutsa pamsomali, kulowa m'thumba. Yunifomu yonse ikuyenda yokha! Ngakhale nyerere za mu Chelstone zili pamzere wa shuga, ndipo izo zafika kutsogolo!

Ndakung'untha, ndachapa thumba, ndayesa kuliumitsa ndi simbi yamakala. Dailesi akudumphadumpha kuti achedwa. Ndamubaya, wadya phala lambiri, ndamuikira chikondamoyo ndi nthochi m'thumba lonyowalo. Wathamanga.

Botolo ndalimanga m'chiuno, mkati mwa chitenje cha Chipani.

Madzulo. Ndilembe mwadongosolo.

Kumsewu atiika chonchi: ana asukulu tsidya lina, amayi ovina tsidya lino, pakati phula lotentha ndi apolisi. Palibe kuwoloka. Dailesi ndikumuona, ali kutsogolo, mbendera m'mwamba, mano onse panja. Thumba lake lili lafulati. Ndafunsa mayi wina amene mwana wake ali kalasi yomweyo. Akuti ba Chanda anatolera zakudya zonse m'katoni n'kuzisiya kusukulu, kuti mlendo asaone ana a Zambia akutafuna.

Asaone akutafuna! Bola aone akugwa?

Ng'oma zayamba. Tikuvina. Ine ndikuvina khosi lili chotembenukira tsidya. Ba Tcheya akukuwa: "Amake Dailesi, chiuno!" Chiuno chili ndi botolo, chivina bwanji?

Nthawi ya buleki yadutsa. Mlendo kulibe. Akuti ndege yachedwa. Tikuvina. Akuti ndege yatera. Tikuvina. Akuti sinali imeneyo, inali ya katundu. Tikuvinabe. Dzuwa lafika pakati pamutu, phula likunyezimira ngati madzi. Ana aimba nyimbo zonse, ayambiranso.

Ndapempha wapolisi kuti ndiwoloke pang'ono chabe. Akuti: "Mama, bwelelani." Ndati mwana wanga ndi wodwala. Akuti wodwala amakhala kuchipatala.

Ndiye ndaona. Mbendera ya Dailesi yatsika kufika paphewa. Yatsika kufika m'chiuno. Sakuimbanso. Akupukuta pamphumi, akuyang'ana pansi ngati wataya kanthu. Mnzake akumugunda ndi chigongono kuti akweze, iye akungodzandira.

Nthawi yomweyo kutali kwamveka kulira kwa njinga zamoto za apolisi. Anthu onse akuwa: "Abwera! Abwera!"

Sindikudziwa kuti ndinaganiza chiyani. Ndikuona ngati sindinaganize. Ndangopezeka ndili pakati pa msewu, chitenje m'manja, wezulo akulira mbali zonse, wina akukuwa "Iwe mama! Iwe!" Patapata imodzi yatsalira paphula. Sindinaibwerere.

Ndamugwira. Thupi lozizira, lonyowa, maso akuyandama. Ndati Dailesi, ndine amama, imwa. Akumva, akutha kumeza. Ndamukhazika pansi, botolo pakamwa. Ba Chanda afika, agwira botolo kumunsi, akukoka! Akuti: "Muli shuga umu! Muzamupaya!" Ine ndikukoka, iwo akukoka, mwana akumwa pakati. Ndinawauza mawu ena a kwathu ku Katete amene sindingalembe muno. Asiya. Ayamba kumukupiza ndi mbendera, akupemphera m'Chibemba.

Giredi 4 yonse yatizungulira. Giredi 5 yabwera kudzaona chimene giredi 4 ikuona. Ahedi akukankha ana kuti abwerere pamzere, ana akubwerera kwa ife.

Kumbuyo kwathu: vuu, vuu, vuu. Magalimoto akuda. Ndi omwewo. Tsiku lonse padzuwa, ndipo adutsa ngati mphepo. Pachigawo cha sukulu yathu mlendo waona misana yokhayokha ndi matako a ana owerama. Mbendera imene imagwedezeka inali imodzi, ya ba Chanda, ndipo imaloza pansi.

Patapita kanthawi Dailesi wakweza mutu, maso abwerera. Mayi wina wogulitsa m'mbali mwa msewu wandipatsa chitumbuwa, mwana wadya. Mawu ake oyamba: "Apita?" Ndati apita. Walira. Akuti sanawaone, ndipo ndi chifukwa cha ine.

Chifukwa cha ine!

Patapata ndaipeza. Magalimoto onse a boma adutsapo. Yafanana ndi chikumba. Chitenje cha Chipani nacho chang'ambika, kaya nthawi yanji.

Tabwera kunyumba wapansi, iye akuyenda ndi miyendo yake, osandilankhula. Ine phazi limodzi lapsa.

Loweruka

M'mawa. Pakhomo pali ana anayi a m'kalasi mwa Dailesi. Onse akunjenjemera manja. Mmodzi watembenuza ndi maso. Akuti nawonso shuga watsika. Ndawathamangitsa ndi tsache, kunjenjemera kwathera pageti.

Atate ake akupukuta nsapato zomwe apukuta kale. Akuti Lolemba akafika ku ofesi sakudziwa ngati mpando wawo aupeza. Ndati mesenjala ali ndi mpando? Atuluka.

Uthenga wabwera ndi a mlonda: ndikufunika kusukulu. Loweruka!

Mu ofesi muli ahedi, ba Chanda ndi ba Tcheya. Ine andipatsa kampando ka ana a giredi 1, mawondo afika pachibwano. Milandu yanga, monga aiwerengera ahedi:

- kuwoloka msewu wotsekedwa
- kuthawa gule wa Chipani nyimbo ili pakati
- kutembenuza makalasi awiri kuti apatse mlendo msana
- kutukwana mphunzitsi pamaso pa ana
- kung'amba chitenje chobwereka

Ndati nanga mwana? Mwana amene akanagwa paphula?

Ba Chanda akuti mwana anangotenthedwa ndi dzuwa, ndipo anatsitsimuka chifukwa iwo anamukupiza ndi kupemphera. Akuti ndithokoze kuti madzi anga aja sanamupweteke. Ahedi akuti iwo si dokotala, sangaweruze pakati pa botolo ndi mbendera. Ba Tcheya akuti komiti inaona shuga uja ndipo inapeza kuti ndi weniweni. Kapu sanatchule.

Ndinakonzeka kukuwa. Koma ahedi anena chinthu chimene chanditseka pakamwa. Akuti mwina mwana wotere ndi bwino azikhala kunyumba, sukulu siingathe kusenza mlandu wa moyo wake.

Kunyumba! Dailesi, amene amawerengera atate ake nyuzipepala! Akhale kunyumba azitola nyerere ndi ine?

Ndagwada. Inde, ndagwadanso, pamaso pa anthu omwe anamwa shuga wanga. Ndapepesa kwa ba Chanda chifukwa cha mawu a ku Katete. Ndalonjeza kusoka chitenje. Ndati chilichonse, koma mwana asachoke.

Anong'onezana. Chigamulo:

- mphunzitsi aliyense asalandirenso kanthu kwa ine, kaya ndi manja awiri kaya ndi limodzi
- Dailesi asanyamule shuga, chifukwa ana ena ayamba kunjenjemera
- shuga akhale m'manja mwa ine ndekha
- choncho ine ndizikhala pasukulu tsiku lililonse, kuyambira belu loyamba mpaka lomaliza, pa benchi yakumbuyo m'kalasi, kufikira a sisita atabwera kudzalankhula ndi aphunzitsi onse
- ahedi adzaona tsiku loti a sisita abwere, mwina temu yamawa, chifukwa ino yadzaza

Ndati zikomo. Ndinachita kunena zikomo!

Madzulo. Atate ake abwera, aika kampango patebulo. Ndamasula. Timiyala ta shuga toyera, tija ta m'mbale ya tiyi wa abwana awo ku ofesi. Akuti anakhala akutola kamodzikamodzi kuyambira Lachitatu. Akuti: "Musandifunse, ndipo musapatse aphunzitsi." Ndawathirira mchere wokwanira lero.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a m'bwalo la azimayi akundiloza ndi milomo. Wina wandifunsa ngati ndi zoona kuti ndinaimitsa galimoto ya mlendo ndi dzanja. Wina akuti anamva kuti ndinamenya wapolisi ndi botolo. Sindinatsutse. Ndatopa kufotokoza.

Ndinkafuna akuluakulu atatu odziwa chochita mwana akanjenjemera. Ndapeza mmodzi, ndipo ndi ine ndemwe.

Zochapa zidzachapidwa madzulo. Mizere ya m'tauni adzaima atate ake Loweruka, aphunzire kufunsa kuti ndi wa chiyani. Timiyala ta shuga ndatiika m'kabotolo kotseka, kabotoloko m'mbale ya madzi. Nyerere zisambire ngati zikufuna.

Dailesi wayambanso kundilankhula, koma ndi malamulo. Ndisamuitane dzina la kunyumba pamaso pa anzake. Ndisamupukute kumaso. Ndisamuyang'ane nthawi zonse. Ndisakweze dzanja. Ba Chanda akalowa ndiziimirira pamodzi ndi onse.

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, chaka chimene atate anga anati mtsikana wadziwa kulemba kalata, zakwana. Mawa ndikuyamba giredi 4. Dailesi akuti ali pa masamu ogawa aatali, ndipo wolakwitsa ba Chanda amamumenya m'manja ndi rula, posayang'ana msinkhu.

Ndamupempha andionetseko pang'ono. Wandipatsa samu imodzi. Ndalakwa.